Chithunzi chili ndi mwini wake: momwe tingalembere dzina la wojambula pa nkhani zathu za kuno ku Zomba

Anzanga amene mumalemba nkhani za m'madera kuno ku Zomba, kaya muli pa wayilesi ya m'dera, kaya mumayendetsa peji ya pa Facebook ya nkhani za ku Chinamwali, ku Jali kapena ku Thondwe, kaya ndinu ana asukulu a ku Chanco amene mukuphunzira ntchitoyi, pali chizolowezi china chomwe chatilowerera ndipo ndikufuna tikambirane momwe tingachisiyire. Nkhani timailemba bwinobwino, dzina la wolemba lili pamwamba, zomwe anena a mfumu kapena a khansala tazilemba ndi mayina awo, koma chithunzi, chomwe ndi chimene chamuimitsa munthu pa foni kuti ayambe kuwerenga, pansi pake timangolemba kuti "Chithunzi: Facebook" kapena "Chithunzi: pa intaneti", ndipo nthawi zambiri sitilemba n'komwe kalikonse. Facebook ilibe kamera. WhatsApp sinakwerepo kabaza kupita ku Kachulu kukaona momwe madzi aphwerera pa nyanja ya Chilwa. Pali munthu amene anapita kumeneko, anaima padzuwa, anatha batire ndi bandulo yake, ndipo munthuyo ali ndi dzina.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe ambiri timazisakaniza, chilolezo ndi dzina. Kulemba dzina la wojambula sikutanthauza kuti wakulolani ayi. Zili ngati kutenga njinga ya mnzako pakhonde osamuuza, ndiye aliyense amene ukukumana naye panjira ukumuuza kuti njingayi ndi ya uje, mwini wake ali kunyumba kuisakasaka. Ndiye ntchito zake ndi ziwiri ndipo zimatsatana, kupempha kaye, kenako kulemba dzina. Komanso mukapatsidwa chilolezo musaganize kuti basi zatha, dzina lilembedwe ndithu, pokhapokha mwini wake atanena yekha kuti langa musalembe.

Izi si nkhani ya ulemu chabe, lamulo liliponso. Dziko lathu lili ndi Copyright Act ya 2016 yomwe inalowa m'malo mwa ya 1989, ndipo zithunzi zili m'gulu la ntchito zomwe lamuloli limateteza, chimodzimodzi nyimbo ndi mabuku. Anthu ambiri akamva za COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso, amaganiza kuti ndi za oimba okha, koma umwini wa chithunzi ndi nkhani ya lamulo lomwelo. Malawi analowanso mu mgwirizano wa mayiko wotchedwa Berne Convention mu 1991, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yoti munthu sachita kukalembetsa kuofesi ina iliyonse kuti ntchito yake itetezedwe. Mwana wa fomu 3 ku Songani akajambula basi itagwera mu ngalande ndi foni yake ya Itel, chithunzicho ndi chake kuyambira nthawi yomweyo, ngakhale palibe chizindikiro chilichonse chomwe waikapo. Mgwirizano womwewo umanenanso kuti mwini ntchito ali ndi ufulu wotchulidwa kuti ndiye anaipanga, ndipo ngakhale pamene malamulo amapereka kampata, monga pophunzitsa kapena pogwira mawu a wina, amafunabe kuti gwero ndi dzina la mwini zitchulidwe.

Ena amati koma anachiika yekha pa Facebook, nde kuti ndi cha aliyense. Sizili choncho. Munthu akaika chithunzi pa Facebook wapereka chilolezo kwa a Facebook kuti achionetse, ndipo inu mutha kudina batani la share kuti positi yakeyo ioneke pa peji yanu, dzina lake likuoneka pamwamba, pamenepo palibe vuto. Vuto limayamba mukachidawuniloda kapena kuchita sikirinishoti n'kuchiika ngati positi yanu yatsopano. Nkhani yotereyi inafikapo kukhoti kunja. Mu January 2010 kutachitika chivomezi ku Haiti, wojambula wina dzina lake Daniel Morel anaika zithunzi zake pa Twitter, munthu wina anazikopera n'kumanena kuti ndi zake, a AFP, kampani yaikulu yofalitsa nkhani, anazitenga pamenepo n'kuzigawa limodzi ndi a Getty Images, kampani yogulitsa zithunzi. Mu November 2013 khoti la ku New York linagamula kuti makampani awiriwa amulipire Morel madola pafupifupi 1.2 miliyoni. Taonani apa, amenewa ndi akuluakulu a ntchitoyi padziko lonse, koma anagwa pa kanthu komweka komwe timagwerapo ife tsiku ndi tsiku, kuganiza kuti amene wachiika ndiye amene wachijambula.

Ndiye ntchito yeniyeni, yomwe imatenga nthawi, ndi kupeza mwini wake. Zithunzi zambiri zimatipeza kudzera m'magulupu a WhatsApp, wina watumiza mu gulupu ya mpingo, wina wachitenga waika mu gulupu ya anthu a ku Matawale, pofika kwa inu chadutsa m'mafoni ambirimbiri ndipo pamwamba pake pali timivi tija tosonyeza kuti chatumizidwa kangapo. Njira yake ndi yobwerera m'mbuyo mapazi. Mufunseni amene wakutumizirani kuti iye wachitenga kuti, akupatseni nambala ya amene anachiika mu gulupu inayo, muimbireni ameneyo, nayenso mumufunse chimodzimodzi. Zomba ndi yaing'ono abale anga, pa zinthu zochitika ku Mpondabwino kapena ku Chikanda simudutsa anthu ambiri musanafike kwa amene anali pomwepo. Ndipo phindu lake ndi loti mukamupeza wojambulayo mwapezanso mboni, munthu amene angakuuzeni kuti zinayamba nthawi yanji, apolisi anafika liti, ovulala anawatengera ku Zomba Central Hospital kapena kwina, zinthu zomwe nkhani yanu ikanasowa.

Ngati chithunzicho mwachiona pa Facebook kapena pa webusayiti, gwiritsani ntchito Google Lens. Tsegulani Google pa foni, dinani kachizindikiro ka kamera komwe kali pamalo olembapo zosaka, sankhani chithunzicho mu galare, ikuonetsani malo ena omwe chithunzi chomwecho chinaikidwapo. Palinso TinEye, webusayiti ina yosakira zithunzi, ubwino wake umatha kusanja zotsatira kuyambira chakale kwambiri, nde umaona kuti chinayamba kuoneka chaka chanji. Yang'anani amene anachiika poyambirira, komanso amene ali ndi chachikulu, choyera bwino, chosadulidwa m'mbali, chifukwa chithunzi chikamayenda chimanka chichepa ndi kuwonongeka, sichikula ayi. Dziwani kuti zida zimenezi sizilowa m'magulupu a WhatsApp, ndiye Google Lens ikapanda kupeza kanthu sizikutanthauza kuti chithunzicho chilibe mwini, bwererani ku njira ija yoimba foni.

Mukamupeza amene mukumuganizira, funso loyamba lisakhale loti tingagwiritse ntchito? Funso loyamba ndi loti kodi munajambula ndinu? Ine ndimaliona funso limeneli kukhala lofunika kuposa china chilichonse mu nkhani yonseyi, chifukwa anthu athu ndi aufulu, mukamufunsa munthu kuti tingatenge chithunzichi amangoti tengani palibe vuto, pomwe nayenso anangochitola mu gulupu. Uthenga wake utha kukhala wotere:

"Mwaswera bwanji achimwene. Ine ndine Uje, ndimalemba nkhani pa peji yakutiyakuti kuno ku Zomba. Ndaona chithunzi cha mtsinje wa Likangala utasefukira chomwe mwaika m'mawa uja. Kodi munajambula ndinu? Ngati ndinu, linali tsiku liti ndipo munaima pati? Tikupempha ngati mungatilole tichiike pa nkhani yathu ya lero pa Facebook, ndipo mutiuze dzina lomwe mukufuna tilembe pansi pake."

Ngati ndi mayi wamkulu kapena bambo wamkulu, kapena ndi a mfumu, imbani foni, musangoponya meseji, ndipo mukatha kulankhulana atumizireni uthenga woti a bambo monga tinakambirana muja tiika chithunzi chija, kuti ayankhe kuti eya polemba. Yankho limenelo lichiteni sikirinishoti n'kulisunga. Tchulaninso komwe chikaikidwe, chifukwa munthu amene walola kuti chiikidwe pa peji ya Facebook sanalole kuti chikasindikizidwe pa kalendala kapena pa chikwangwani cha kampeni ya ndale, mukafuna kuchigwiritsanso ntchito kwina pemphaninso.

Kuti mutsimikize kuti ndi iyedi, mupempheni akutumizireni chithunzicho pa WhatsApp ngati document osati ngati chithunzi wamba. WhatsApp imati ikamatumiza chithunzi mwa nthawi zonse imachichepetsa ndi kuchotsa timauthenga tobisika tomwe kamera imasunga mkati mwa fayilo, monga tsiku, nthawi ndi mtundu wa foni, koma chikatumizidwa ngati document chimabwera momwe chinalili. Mukachitsegula mu galare n'kudina pa details muona zimenezo. Sizili ngati ndi umboni wosatsutsika, madeti a m'foni amatha kukhala olakwika, koma zimathandiza. Njira ina yosavuta ndi kumupempha zithunzi zina zomwe anajambula nthawi yomweyo, amene analidi pamalopo sajambula chimodzi chokha, amakhala nazo zingapo, zina zopendekeka, zina zosaoneka bwino.

Za ndalama tisazibise. Ngati peji yanu kapena wayilesi yanu imalandira ndalama za otsatsa malonda, ndiye kuti chithunzi cha mnzanuyo chikukuthandizani kudya, mupatseniko kenakake. Gwirizanani musanachiike, mutumizireni pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ngakhale ya bandulo chabe ngati ndi zomwe mungakwanitse, bola mwanena poyera. Ojambula omwe ntchito yawo ndi yomweyi, amene amajambula maukwati, zinkhoswe ndi ma graduation a ku University of Malawi, kamera anagula ndi ndalama zambiri ndipo amadyera pomwepo, kuwauza kuti tikulemba dzina lako ndiye udziwika si malipiro. Akakana kapena akatchula mtengo womwe simungathe, thokozani n'kusiya, osati kuchiika mwakabisira poganiza kuti saona.

Tsopano kalembedwe kake. Sikafuna zambiri, dzina la munthu monga momwe iye walinenera, ndipo ngati amagwirira ntchito bungwe kapena nyumba youlutsa nkhani, dzina la bungwelo litsatire. Mwachitsanzo "Chithunzi: Uje Ujeni" kapena "Chithunzi: Uje Ujeni/MANA" ngati ndi mtolankhani wa Malawi News Agency. Ngati mwachipeza pa peji yake ya Facebook ndipo wakulolani, mutha kulemba kuti "Chithunzi: Uje Ujeni, kudzera pa Facebook", apa Facebook ikutchulidwa ngati njira yomwe chadzera, dzina la munthu lili patsogolo. Funsani kalembedwe ka dzinalo, musaganizire, ena amafuna dzina la studio yawo osati la pa chiphaso. Liikeni pansi penipeni pa chithunzi, kapena kumapeto kwa mawu ofotokoza chithunzicho, osati kukalikwirira kumunsi kwa nkhani yaitali komwe munthu amachita kudina see more kuti alione, komanso osati mu komenti. Mukaika zithunzi zingapo pa positi imodzi ndipo ojambula ndi osiyana, tsegulani chilichonse pachokha mulembe dzina lake, Facebook imalola kuti chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ake. Ndipo mumutage mwini wakeyo ngati ali ndi akaunti, anthu amene achikonda athe kumupeza n'kumupatsa ntchito.

Mawu oti "mwachilolezo cha" musawagwiritse ntchito ngati simunapemphe, limenelo ndi bodza lachiwiri pamwamba pa kutenga kuja. Ndipo mawu oti "ulemu upite kwa mwini wake" omwe ma peji ambiri amakonda, osatchula kuti mwini wakeyo ndi ndani, sathandiza munthu aliyense, amangosonyeza kuti mukudziwa kuti si chanu koma simunafune kuvutika.

Chinthu chomwe chimandipweteka kwambiri ndi kudula dzina la wojambula. Munthu waika dzina lake kapena ka logo ka studio pakona ya chithunzi, adimini akuchidula pansipo, kapena akuphimba ndi logo ya peji yake yaikulu pakatikati penipeni pa chithunzi. Apa ndiye sitinganene kuti munaiwala, mwachita dala. Ngati mukufuna kudula chithunzi kuti chikwane bwino, siyani dzinalo lioneke, ndipo logo yanu iikeni pa zithunzi zomwe mwajambula inu nokha basi. Kumbali inayi, kulemba dzina mkati mwa chithunzi momwemo ndi nzeru yabwino pa nkhani zomwe mukudziwa kuti ziyenda pa WhatsApp, chifukwa munthu akasunga chithunzi mu foni n'kuchitumizanso mawu a pansi aja amatsala, koma zomwe zalembedwa pa chithunzi zimapita nacho. Mufunseni mwini wake ngati angalole kuti mulembe dzina lake ndi zilembo zazing'ono pakona, ambiri amasangalala nazo.

Pali nthawi zina zomwe dzina siliyenera kulembedwa, ndipo apa pafunika mutu. Munthu wajambula anthu akudula mitengo mozemba m'phiri la Zomba, kapena wajambula zinthu zosalongosoka pamalo pomwe iye amagwira ntchito, kulemba dzina lake ndi kumuika m'mavuto, atha kuchotsedwa ntchito kapena kumenyedwa kumene. Mufunseni, ndipo ngakhale iye atati lembani, muganizireni ngati akudziwa zomwe zingatsatire. Zikatero lembani kuti "Chithunzi: chatumizidwa ndi wowerenga wathu, dzina talisunga". Kusiyana kwake ndi "pa intaneti" kuja ndi koti apa inu ndi mkonzi wanu mukumudziwa munthuyo, mwalankhula naye, mwatsimikiza, ndipo wowerenga akudziwa kuti pali amene angayankhe. Onetsetsaninso kuti fayilo yomwe mukugawa si ija yoyambirira yokhala ndi timauthenga ta foni yake mkati.

Zithunzi za maliro ndi za anthu osowa timazilandira kwa achibale. Lembani kuti "Chithunzi: chaperekedwa ndi banja", ndipo ngati chili ndi chizindikiro cha studio yomwe inajambula, itchuleninso. Musapite pa akaunti ya malemu n'kukatenga chithunzi chomwe chakusangalatsani achibale asanadziwe, mwina ena sanamve n'komwe za imfayo. Zithunzi zochokera ku khonsolo, ku ofesi ya zofalitsa nkhani ya m'boma, kwa apolisi kapena ku mabungwe omwe si aboma, amazipereka kuti zifalitsidwe ndiye chilolezo sichivuta, komabe tchulani kuti zachokera kwa iwo, ndipo funsani dzina la amene anagwira kamera. Apa pali chifukwa china choposa ulemu. Wowerenga ayenera kudziwa kuti chithunzi cha mjigo watsopano ku Chingale, anthu akuvina mosangalala, chajambulidwa ndi bungwe lomwe lakumba mjigowo, osati ndi mtolankhani amene anapita yekha kukaona.

Ndipo chilolezo cha wojambula sichikupatsani ufulu pa anthu omwe ali mu chithunzimo. Mwana amene nkhani yake ili kukhoti kapena wachitidwa nkhanza, Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 imamuteteza, nkhope yake isaoneke ngakhale wojambula atakupatsani ulere. Odwala m'chipatala ndi mitembo pa ngozi, ganizirani abale awo.

Tibwere ku zithunzi zakale, pomwe dzina ndi deti zimapulumutsa nkhani yonse. Chaka chilichonse mvula ikavuta, m'magulupu mumadzaza zithunzi za madzi osefukira, wina akuti ndi ku Likangala lero, wina akuti ndi ku Domasi, pomwe zina ndi za kusefukira kwa madzi kwa January 2015, zina za namondwe wa Idai mu March 2019, zina za Ana mu January 2022, zina za Freddy mu March 2023, ndipo zina si za ku Malawi n'komwe, ndi za ku Mozambique. Chimodzimodzi nyanja ya Chilwa, inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018, zithunzi za mabwato atakhala pa dothi long'ambika zilipo zambiri ndipo zimabwereranso nthawi iliyonse wina akafuna kunena za chilala. Amene amafunsa kuti anajambula ndani sangagwe mu msampha umenewu, chifukwa pofufuza mwini wake amapezanso chaka chake. Ngati mwasankha kugwiritsa ntchito chakale chifukwa chatsopano mulibe, nenani poyera, "Chithunzi chakale: nyanja ya Chilwa mu 2018, wojambula Uje". Ngati chithunzicho si cha malo omwe nkhani ikunena, lembani kuti ndi chongofanizira. Ngati chapangidwa ndi AI pa kompyuta, lembani choncho, ngakhale ine ndingakonde kuti pa nkhani ya zochitikadi zoterezi zisamaikidwe n'komwe.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi pa zithunzi za mbiri yakale. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975 pomwe linasamukira ku Lilongwe, ndipo National Archives of Malawi ili konkuno, mutha kupita ndi miyendo kukafunsa. Ku Blantyre kuli Society of Malawi ku Mandala House komwe amasunganso zithunzi zakale. Mukamalemba za nyumba yakale ya malamulo kapena za chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, m'malo mongotola chithunzi chakuda ndi choyera chomwe chazungulira pa Facebook popanda chaka, kafunseni kumeneko, akuuzani malamulo awo a kagwiritsidwe ntchito ndi momwe amafunira kutchulidwa. Lembani dzina la wojambula ngati likudziwika, chaka ngati chilipo, ndi malo omwe chikusungidwa. Ngati iwo eni akuti wojambula sakudziwika, pamenepo mpomwe mungalembe kuti "wojambula sakudziwika" ndi mtima woyera.

Zilipo zithunzi zomwe eni ake anapereka kale chilolezo kwa aliyense, ndipo izi zimathandiza mukafuna chithunzi cha Mulunguzi Dam, cha Williams Falls kapena cha phiri lonse. Pa mawebusayiti a Wikimedia Commons ndi Flickr pali zambiri zomwe zili pa malayisensi a Creative Commons, koma ulere wake uli ndi malamulo, ndipo amalembedwa ndi zilembo zochepa. BY ndiye kuti tchulani mwini wake. SA ndiye kuti mukachisintha, chomwe mwapangacho muchigawe pa layisensi yomweyo. NC ndiye kuti osapangira malonda, nde ngati peji yanu ili ndi otsatsa malonda ndi bwino kuzipewa kapena kumufunsa kaye mwini wake. ND ndiye kuti osachisintha. CC0 ndiye kuti mwini wake wachisiyira aliyense, komabe dzina likakhalapo lilembeni. Polemba mumaika mutu wa chithunzi, dzina la wojambula, komwe mwachitenga ndi layisensi yake, mwachitsanzo "Phiri la Zomba, wojambula Uje Ujeni, kuchokera pa Wikimedia Commons, CC BY-SA 4.0", muikeponso linki, ndipo ngati mwachidula kapena kusintha mtundu nenani. Mukasiya zimenezi mwaphwanya layisensi ndipo chilolezo chija sichikukutetezaninso. Samalani ndi zomwe zimatuluka pa Google mukasaka zithunzi, Google imangoonetsa zomwe zili pa mawebusayiti a anthu, sikuti yakupatsani. Zomwe zili ndi dzina la Reuters, AFP, AP kapena Getty Images ndi zogulitsa, zisiyeni. Za a Nation, a Times, a Zodiak kapena a MBC ndi za iwowo ndi ojambula awo, pemphani kapena ingochitani share positi yawo.

Kuti zonsezi zisamakhale zolemetsa, konzani kasungidwe. Chithunzi chikangofika, sinthani dzina la fayilo likhale ndi chaka, malo ndi dzina la wojambula, chifukwa pakatha miyezi mudzachifunanso ndipo simudzakumbuka kuti IMG ndi manambala aja anali a ndani. Khalani ndi kope kapena foda imodzi momwe mukusunga ma sikirinishoti a chilolezo. Ngati muli angapo pa peji kapena pa wayilesi, gwirizanani kuti mtolankhani akamatumiza nkhani kwa mkonzi, dzina la wojambula libwere limodzi ndi chithunzi, likasowa mkonzi abweze. Mnzanu wa mu ofesi momwemo akajambula, nayenso dzina lake lilembedwe, ngakhale ali wongodzipereka kapena mwana wasukulu amene wabwera kudzaphunzira ntchito, amenewa ndi amene amaiwalidwa kwambiri, pomwe ndi amene akufunika zoti adzaonetse akamadzafunsira ntchito.

Nanga mwasakasaka mwini wake osapezeka, nthawi ikutha, anzanu aika kale? Musachiike. Ngati malowo ndi apafupi, kwerani kabaza mukajambule chanu, ngati ndi kutali imbirani munthu amene mumamudziwa ku Mayaka kapena ku Jali akujambulireni, mumulipire ndi kulemba dzina lake. Zikakanika zonse, nkhani itha kutuluka yopanda chithunzi, kapena ndi khadi longolembapo mutu wa nkhani ndi dzina la peji yanu.

Wojambula akakudandaulirani kuti mwatenga chithunzi chake, muyankheni tsiku lomwelo, musamubloke komanso musafufute komenti yake. Mufunseni chomwe akufuna, dzina, malipiro kapena kuti chichotsedwe, ndipo chitani. Mukakonza, onjezani mzere wonena kuti poyamba dzina la wojambula silinalembedwe ndipo tsopano lakonzedwa. Kumbukirani kuti ali ndi kokadandaula, atha kupita ku COSOMA, ku Media Council of Malawi kapena kukhoti, komanso Facebook ili ndi fomu yodandaulira za umwini, amachotsa positi, ndipo peji yomwe yadandauliridwa mobwerezabwereza amatha kuitseka ndi otsatira ake onse omwe mwawasonkhanitsa kwa zaka.

Njira zomwezi ndi zanunso tsiku lomwe wina adzatenge chanu. Sungani fayilo yoyambirira, musafufute mu foni mukangoposita, chifukwa ndiye umboni wanu. Amene muli ndi makamera akuluakulu a Canon kapena Nikon, lowani mu menyu, muli malo olembamo dzina la wojambula ndi la mwini chithunzi, mukalemba kamodzi limalowa lokha mu chithunzi chilichonse chomwe mujambule. Mukaona chanu pa peji ya wina, chitani kaye sikirinishoti yoonetsa deti ndi dzina la pejiyo asanafufute, kenako alembereni ku inbox mwaulemu, muwaonetse positi yanu yoyamba, muwauze dzina loti alembe kapena ndalama yomwe mukufuna, ndipo muwapatse tsiku loti akhale atakonza. Tsikulo likadutsa ali chete, dzazani fomu ya Facebook ija, muikemo linki ya positi yanu ndi ya positi yawo.